Mabawuti a Nyumba ya Bambo Laimoni

Malemu Bambo Laimoni Zefaniya, amalume anga, anabadwa pa 9 Juni 1922 ku Chifunga. Sukulu anaphunzira pamishoni mpaka Sitandade 3. Mu 1946 anapita ku Halale, komwe anaphunzira kumanga nyumba za matabwa. Anabwerako ndi bokosi la zipangizo komanso chizolowezi chogogoda khoma la eni ake asanakhale pansi.

Mu 1958 anakwatira Mayi Stelia n'kudzakhala pachikamwini kuno ku Magaleta.

Mu 1966 anamanga nyumba tasonkhanapoyi. Akuluakulu mukukumbukira. Njerwa sanaumbe, dothi sanaponde. Anaimika miyala n'kuiveka zidutswa za malata kuti chiswe chisakwere. Mafelemu a makoma anawakhomera pansi ali chigonere, kenaka anaitana amuna kudzawadzutsa, iwo n'kumalumikiza ndi mabawuti. Anthu ankachokera kutali kudzaona. Ena ankati ndi nkhokwe, ena ankagwada kusuzumira kunsi kuti aone chomwe chaigwira.

Koma malemu a Ezekiele, amalume a Mayi Stelia, anaonapo china. Anati mkamwini akamanga ya dothi, banja likatha amachoka ndi bulangete lake, nyumba n'kutsalira mkazi ndi ana. Nanga iyi yomasula ndi sipanala? Anati munthuyu tsiku lina adzaikweza pa lole. Mawu amenewa anawalowa mumtima mayi athu a Stelia. Anandiuzapo okha kuti amuna awo akangogwira sipanala, iwo mtima unkangoti phaa, ngakhale akukakonza njinga chabe. Akawafunsa, Bambo Laimoni ankangoseka n'kunena kuti nyumbayo ili bwinobwino. Inu mukuwadziwa, kuyankha funso sinali ntchito yawo.

Pakati pa 1970 ndi 1979 anamanga sitolo ziwiri ku Neno, ndiponso denga la tchalitchi chathu.

Anayamba kudwala chifuwa mu Malichi chaka chino cha 1983. Anagonekedwa kuchipatala ku Mwanza, ndipo anatisiya Lachiwiri pa 11 Okutobala.

Dzulo m'mawa tinafuna kuchotsa khoma lapakati kuti amayi okhuza maliro akwane m'nyumba. Tinatenga sipanala yawo yomwe ija. Nati yoyamba ya pa mabawutiwo inakana kumasuka, yachiwiri chimodzimodzi. Titapala utoto, tinapeza kuti nsonga za mabawuti onse anaziphwanya ndi hamala kuti manati asadzatulukenso. Utoto wake ndi woyamba womwe uja wa 1966. Ndiye kuti pomwe a Ezekiele ankalankhula, nyumbayi inali itakhomedwa kale mosadzamasukanso.

Ine mpaka pano ndikudabwa. Kodi chinawavuta n'chiyani amalume kungonena? Tinaitana Mayi Stelia. Anayendetsa chala pa mabawutiwo, kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda, akulira, ndipo anati khomalo tilisiye pomwe lili. N'chifukwa chake amayi ena mwakhala panja. Mutikhululukire.

Malemu asiya mkazi wawo, ana anayi, a Herbert, a Edina, a Mailesi ndi a Jimu, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. M'malo mwa banja ndikuthokoza a mpingo, a tcheyamani a chipani, adzukulu omwe akonza manda, amayi ophika ndi nonse mwabwera kudzalira nafe.

Amalume, simunali munthu wochoka, ndipo tsopano mayi athu adziwa. Mzimu wanu uuse mumtendere.