Manja Amene Anapanga Maampulifaya Aja

Malemu achemwali anga, amene agona apawa, anabadwa pa 14 Ogasiti 1956, oyamba m'banja la ana anayi. Ine ndine mlongo wawo, chitsirizira. M'mawa uno alamu, amuna a malemu, anandipatsa pepala loti ndiwerenge pano. Akuti malemu anali mayi wofatsa wa pakhomo amene ankathandizako amuna awo pa luso lawo. Pepalalo ndalipinda, lili m'thumba. Ndiwerenga lathu la kubanja.

Sukulu anayamba mu 1963. Masamu ankawamwa ngati madzi, koma anasiyira chaka chachiwiri cha sekondale bambo athu atadwala maso. Bambowo ankakonza mawailesi m'kashopu ka kuseri kwa msika. Kuyambira 1972 achemwali ndiwo anali maso awo: kuwerenga mapepala a kayendedwe ka mawaya, kuwotcherera ndi mtovu, kukulunga mathiransifoma pamanja uku akuwerenga mizere chamumtima.

Mu 1979 anakwatiwa ndi alamu, amene anali kalaliki. Alamuwo anali ndi chiphaso cha wailesi zolankhulirana ndi anthu akutali, monga muli nacho inu a bungwe la eni wailesi zoterezi amene mwakhala kumbuyoko mutavala zipewa zofanana. Koma kawailesi kawo kanali kofooka, mawu osafika ndi kumapeto kwa tauni komwe. Mu 1983 achemwali anawapangira ampulifaya yoyamba yokuzira mphamvu ya wailesiyo. Inali ya mavalavu awiri, timabotolo tagalasi tija timayaka ngati babu. Bokosi lake anadula ku chitseko cha firiji yakufa. Tsiku loyamba lomwelo alamu anayankhidwa ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja yamchere. Munthuyo atafunsa za makinawo, alamu anati, "Ndapanga ndekha kuno kunyumba." Achemwali anali ataima pomwepo, atanyamula kapu ya tiyi ya alamuwo.

Kuchokera chaka chimenecho mpaka 2022 anapanga maampulifaya 23. Ambiri ali m'nyumba zanu, a bungwe, ndipo kutsogolo kwa iliyonse kuli kachitsulo kolembedwa dzina la alamu. Munkabwera, munkawapeza achemwali zala zili bii, chipinda chikununkha utsi wa mtovu, inu n'kungoti "muli bwanji amayi" n'kudutsa. Musanene kuti simunkadziwa. Yanu ikafa munkadikira alamu apite kuntchito, kenako n'kudzagogoda ku khomo lakuseri.

Pa 6 Juni 1998 ndi tsiku limene ambiri munauzidwa bodza. Magetsi a m'kati mwa ampulifaya yotere ndi okwana kupha munthu, ndipo amatsalamo ngakhale mutaizimitsa. Achemwali ankazidziwa bwino zimenezi. Ampulifaya imene ankakonza tsikulo anali ataizula kukhoma, atachotsa magetsi otsalawo, dzanja lili m'kati akumanga waya. Alamu analowa ndi alendo awiri, ndipo pofuna kuwaonetsa mmene mavalavu amayakira, anailumikiza kumagetsi osafunsa. Achemwali anaponyedwa kukhoma. Zala ziwiri za kumanja anakazidula kuchipatala, ndipo mtima wawo sunagundenso bwino kuyambira tsikulo. Alamu anauza adokotala kuti mkazi wawo amapukuta fumbi pa zinthu zimene sazidziwa. Mmodzi mwa alendo aja muli pano, ndikukuonani. Munamva ndipo simunatsutse.

Ife tinawachonderera kuti abwerere kwathu. Anakana. Anati, "Ana ali pasukulu. Komanso tebulo langa silingalowe pakhomo panu paja." Anaseka, ife osaseka. Patatha miyezi isanu anali ataphunzira kuwotcherera ndi dzanja lamanzere.

Mu Novembala 2023 miyendo inayamba kutupa, mpweya kuperewera. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Febuluwale 2024. Pa 24 mwezi womwewo bungwe linali ndi msonkhano wa pachaka, kumene alamu anaitanidwa kukalandira satifiketi ya luso lopanga maampulifaya. Namwino anawauza m'mawa kuti asapite patali. Anavala jekete, anapita. Achemwali anatisiya masana a tsikulo, mutu uli pamiyendo ya mwana wawo wamkazi.

Malemu asiya ana atatu, wamkazi mmodzi ndi amuna awiri, adzukulu asanu ndi awiri, mng'ono wawo, ndi ife alongo awo awiri. Asiyanso amuna awo.

Tikuthokoza anamwino a m'chipinda chimene anagona, mayi osoka a nyumba yoyandikana nayo amene ankawasambitsa atafooka, adalaivala amene anasiya ulendo wawo kuti awathamangitsire kuchipatala, ndi abusa amene mwatitsogolera lero. A bungwe, nkhata yanu ya maluwa taiona. Ili pageti, muitenge popita.

Banja lagwirizana kuti zida za malemu ndi makope awo khumi ndi limodzi, mmene ankajambula mawaya ndi dzanja lawo, atenge mwana wawo wamkazi, amene ndi wa zamagetsi ndipo anaphunzira kwa mayi ake. Chimodzi chokha sititenga. Patebulo pali ampulifaya imene malemu anaisiya pakati matenda atakula. Alamu, imeneyo takusiyirani. Kwa zaka makumi anayi mwauza dziko lonse kuti mumapanga ndinu. Muimalize, anzanuwa adzabwere kudzaimva.

Achemwali, ntchito mwagwira, ndipo lero yatchulidwa kuti ndi yanu. Pumulani. Mzimu wanu uuse mumtendere.