Nyumba ya Khomo Limodzi

Sunthirani kuno, amayi, sunthirani. Inu mwakhala pansi pa mtengo uko, mawu anga amafika ndithu, koma ndikufuna ndizikuonani m'maso. Mwana akulirayo mpatseni bere. Chete tsopano. Ambuye alemekezeke. Ine mukundidziwa, ndine Amake Felista wa kuseri kwa Milepa, uja mumati pakamwa pake sipatsekeka. Sukulu sindinapondeko, koma lero ndichitira umboni za nyumba, ndipo inu mwaumba njerwa chaka chino mutchere khutu. Nyumba inatsala pang'ono kundidyera mwana ine. Osati mfiti, osati njoka. Nyumba ya malata, yopaka laimu, imene anthu ankaima panjira kuisirira.

Ndinabereka ana faifi. Anayi ali kumanda. Anatsala ndi Felista yekha. Iyeyu anakwatiwa ndi a Dayisoni a ku Phalombe, amene anabwera kudzakhala chikamwini pakhomo panga monga mwa mwambo wathu. Anali munthu wabwino, sindinganame pamaso pa Mulungu. Ankagwira ntchito ya ulonda panyumba ya bwana wina ku Limbe, kumudzi ankabwera mwezi ukatha. Ndiye za apongozi ndi akamwini mukuzidziwa. Sitinkayang'anana, sitinkakhala mphasa imodzi, tikakumana panjira mmodzi ankapatukira m'tchire. Mawu athu onse ankadzera mwa Felista.

Titangovota koyamba kuja, a Dayisoni anawotcha njerwa. Tsiku loyeza malo anatulutsa pepala m'thumba, ati pulani, anachita kujambula okha potengera nyumba imene ankalondera ija. Mmisiri anali Che Sumani, Msilamu wa ku Kadewere, bambo wachete, wa kasoti koyera pamutu. Anakhoma zikhomo, namanga zingwe. Ine ndinali chapatali ndikutong'ola chimanga, koma diso lili pa zingwezo. Ndinaona khomo ndi limodzi lokha, lakumaso, pamwamba pa masitepe folo. Ukalowa, pabalaza. Kuchoka apo kanjira kopanikiza ngati una wa mbewa, ati kolido, n'kukhota, n'kukathera kuchipinda chogona, kumapeto kwenikweni. Zenera la chipindacho laling'ono, lam'mwamba, lotchinga ndi zitsulo.

Ndinaitana Felista. Ndinati ukawauze amuna ako aike khomo lina kuseri, chipinda chimodzi chizitsegukira panja, pakuti munthu amadwala, munthu amanyamulidwa. Anapita, anabwerako atawerama. Ndinati unene momwe anenera, usachotsepo. Ati a Dayisoni akuti, ndipo mawu awo anali a m'mphuno chonchi:

"Ukawauze amayi kuti pulani si mzere wa mbatata. Makomo ambiri ndi misewu ya akuba."

Che Sumani nawonso ananenapo kuti kanjirako kachepa, koma anauzidwa kuti aziyala njerwa pamene pali chingwe. Apa ndiulule tchimo langa, pakuti umboni wobisa mbali yako ndi bodza. Ndinaima pabwalo n'kukuwa, mudzi wonse kumva, kuti ndikadzaponda m'nyumba imeneyo mudzandidule phazi. Ndipo zaka zonse zija sindinapondemo. Iwo kunyada, ine kunyada, mwana wanga pakati.

Kenako inafika njala ija tinkadya zitsa za nthochi. A Dayisoni anabwera kuchokera ku Limbe ndi kachikwama, ntchito yatha, khosi ngati la nkhuku yosadzula. Kutsokomola, kutsegula m'mimba, zilonda m'kamwa. Dzina la matendawo sitinkalitchula masiku amenewo, tinkangoti zomwezi. Felista anawasamala mpaka nayenso anagwa. Onse awiri gone, m'chipinda chakumapeto chija. Ana awo awiri, akadali a m'manja, ndinawatengera kwanga. Kwawo kwa a Dayisoni tinatumiza uthenga kawiri, koma kumeneko nako anali ndi maliro awo. Anansi ankafika pa masitepe, kupereka moni mokweza, n'kubwerera.

Lumbiro langa ndinalimeza ngati fupa. Ndinasenza ndowa ya madzi ofunda, ndinakwera masitepe aja, ndinalowa m'kanjira kaja. Masanasana koma mdima bii. Ndowa kugunda khoma uku, kugunda khoma uku. Fungo lake sindilinena, ena mwangodya kumene. Nditafika pachitseko ndinati odi. Ndinamva munthu akukwawa pansi, kenako loko kuti khethe. Ndiye mawu a akamwini anga, otha mphamvu, akulankhula ndi mkazi wawo ine ndili pomwepo:

"Felista, uwauze amayi asalowe. Ndili chabechabe, ndadziipitsira. Asandione chonchi. Ndiyambe ndafa."

Musawaweruze. Mpongozi kulowa kuchipinda cha mkamwini, mkamwini ali wosavala, kwathu kuno kulibe. Munthu matenda amulanda zonse, watsala ndi manyazi okha, iwe ukamulandenso amenewo? Ndinaika ndowa pansi n'kutuluka chambuyo, pakuti potembenukira panalibe.

Ndinakapempha azibambo awiri a mumpingo, anabwera ndi machira kuti amtenge Felista apite naye kuchipatala. Amenewo a Dayisoni anawatsegulira. Koma machira anakanika pokhota paja. Anayesa choimika, anayesa chopendeketsa, ayi ndithu. Anati ambereke kumsana, Felista analira ndi ululu wa zilonda, nagwira mwendo wa bedi, ati ndikachoka awa atsala ndi yani. Azibambo aja anatuluka akupukuta thukuta, ndipo sanabwerenso.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinagubuduza mtondo wanga, n'kukauvundikira kuseri, pansi pa kazenera kaja. Nkhalamba ine kukwera pa mtondo, dzanja limodzi kugwira chitsulo. Phala ndinkathira m'kapu ya pulasitiki, kumangirira luzi, kulowetsa pakati pa zitsulo, n'kutsitsa pang'onopang'ono ngati ndikutunga pachitsime. Mwana wanga ndinkangomuona phazi. Phazi lokha, amayi. Masiku oyamba kapu inkabwerako yopanda kanthu. Kenako inayamba kubwerako theka. Sabata yachitatu inabwerako momwe ndinaitsitsira, ntchentche zitaundana pamwamba. Ndinaitana, Felista, Felista. Chala chachikulu chinagwedezeka pang'ono. Basi.

Pamenepo sindinapemphere pemphero la m'buku. Dzuwa lili paliwombo, ndili pamwamba pa mtondo, ndinakangana ndi Mulungu ngati tikulimbirana malire a munda. Ndinati:

"Ambuye, anayi aja munawatenga ali m'manja mwanga, sindinakufunseni kanthu. Uyu mukufuna mumtenge ndikumuonera pa zenera? Ngati mukumtenga mtengeni, koma mundilole ndimsambitse akadapuma."

Za kuchira sindinapemphe n'komwe. Chikhulupiriro changa chinali chitachepa kufika pamenepo.

Mawu angawa mumandiseka nawo, koma tsiku limenelo anagwira ntchito. Che Sumani ankadutsa panjira akukankha njinga, kuchokera kumsika wa ku Milepa. Anamva, anaimika njinga pamtengo, anabwera. Anandiuza nditsike, anakwera iwo pa mtondo, anasuzumira nthawi yaitali. Kenako anayamba kulankhula ndi a Dayisoni, mwamuna ndi mwamuna mnzake, motsitsa mawu. Anawauza kuti khoma ili ndinamanga ndine, pakati pa njerwa ndi dothi lokhalokha, simenti ndi yakunja kokha. Ati ndiloleni ndiboole khomo pansi pa zenerali, ndipachike mkeka pakati pa chipinda. Mbali ino ikhala ya Felista, amayi ake azilowa kwa mwana wawo, sakulowa kwa inu. Mbali yanuyo tizilowa ife amuna.

Kumbukirani, nyumba imeneyo inali zaka zonse za munthu amene ankakhalira kuzizidwa pageti pa mnzake. Analibe china chimene akanaloza kuti ichi n'changa. Ine ndinagwira pakamwa ndi manja awiri kuti ndisaononge. Ndiye tinamva:

"Boolani, Che Sumani. Likhale lalikulu, loti munthu adutse atagona."

Che Sumani anakatenga hamala ndi chitsulo chosongoka. Sanagumule mwaukali ayi, ankasolola njerwa imodziimodzi, akuwaza madzi, kuti fumbi lisawatsamwitse odwala. Ine ndinkalandira n'kusanja pambali. Dzuwa lisanapendeke kwambiri, kuwala kunalowa m'chipinda chimene sichinaonepo kuwala. Anapachika mkeka wanga wogonera pa mtanda wa denga. Atatero anati, amama, lowani.

Ndinalowa. Ndinamnyamula mwana wanga, mayi wa ana awiri, wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Kumsana kwake nsalu inali itamatirira m'zilonda, ndinachita kunyowetsa kuti ichoke. Ndinamsambitsa monga ndinkamsambitsira ali khanda, kuseri kwa makutu, pakati pa zala. Kuseri kwa mkeka ndinkamva madzi akuchucha. Anali Che Sumani, Msilamu, akusambitsa akamwini anga, ntchito imene a mpingo wathu womwe anaithawa. Ndikunena dala, amene zamukhudza zimukhudze.

Atamaliza, a Dayisoni anamuuza Felista kuti apite kuchipatala, iwo tsopano ali ndi owaona. Kenako, koyamba chikwatirire mwana wanga, analankhula ndi ine mwini, mkeka uli pakati. Anangoti, amayi, munanena. Ine wa pakamwa ine ndinangoti, gonani, bambo.

M'mawa mwake machira anatuluka mowongoka, osagunda paliponse. Pachipatala chaching'ono cha ku Milepa anatitumiza kuchipatala chachikulu kuboma. Kumeneko anamuyeza, anatiuza dzina la matenda mosabisa, ndipo anamuyambitsa mankhwala aja anali atangofika kumene. A Dayisoni tinati tiwanyamule nawonso, anakana, ati ulendo umenewo sangafike. Anakhala masiku faifi. Bokosi lawo linalowera pakhomo lomwe lija, n'kutulukira pomwepo, osapendeketsa. Anadziyezera okha. Ndinawalira ngati mwana wobereka ndekha.

Tsono inu muli ndi njerwa pa uvuni, imvani nkhalamba yosaphunzira. Musamange nyumba yoti odutsa aziisirira. Poyeza zingwe muziganiza za tsiku limene mmodzi wa inu sadzatha kuyenda. Makomo akhale awiri, ndipo limodzi mudutsitsepo machira chitseko musanachikhome. Chipinda china chizitsegukira pakhonde, kuti apongozi, alamu, aliyense wa manyazi athe kufika kwa wodwala osadutsa pogona pa mwini nyumba. Masitepe ngachiyani, ngati mukukwera basi? Zenera likhale poti munthu ataima pansi aone nkhope, osati phazi. Akuba aliko, sindikukana, koma wakuba amatenga wailesi. Zinazo zimatenga munthu.

Ine ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha ndikumukalipira. Ndikumuthokoza chifukwa sasankha wotuma, anasiya ife oimba kwaya n'kukatenga munthu wa kasoti. Che Sumani ndinawapititsira nkhuku, anaibweza, ati ikaphikidwe msuzi wa wodwala. Inu amene muli ndi wodwala kwanu lero, ndikukuonani, maso anu akunena. Musafooke. Kuwani ndithu, ngakhale pemphero lanu likhale lopanda ulemu ngati langa. Mwini wake amamva.

Ndimalize ndi ichi. Titabwerako kuchipatala Felista anagona miyezi itatu m'chipinda chija, khomo lili pululu, akuona ana ake akusewera pabwalo. Koma mawu analibe. Ankangonong'ona, uchite kuika khutu pakamwa pake. Ndinkati mwina wabwerera theka lokha. Tsiku lina m'mawa ndinamusiyira mbale pambali pa mphasa, ine n'kutsikira kudimba kukathirira mpiru, kutali ndithu, kutsidya kwa nthochi. Ndikuwerama chonchi ndi kheni, ndinamva mawu akung'amba mudzi wonse, mawu ngati anga omwe, moti kheni ndinaiponya m'madzi:

"Amayi! Phala lanji lopanda mchere ili? Mukufuna mundiphe kodi?"