Kadontho pa Mapu a Nsaru

— Halo?

— Halo, ababa? Ndine Tisiyenji. Mwaswera bwanji?

— Aa, Tisi mwana wanga! Taswera, kaya inu kutauniko? Apongozi anga a Stewart? Nanga kakhandako?

— Tonse bwino. Chifuwa chija chinatha?

— Chikutha. Ndi fumbi la fodya basi.

— Ababa, tsegulani WhatsApp pa foni ndinakutumizirani ija, munditumizire lokeshoni.

— Chiyani?

— Kadontho kosonyeza pomwe muli pa mapu.

— Foni idziwe bwanji pomwe ndili? Mabasi a ku Nsaru sakudziwa n'komwe kuno.

— Kumwamba kuli masetilaiti. Iliyonse imalengeza pomwe ili ndi nthawi yake. Foni imamvetsera anayi kapena kuposa, n'kuona mawu a iti afika msanga, a iti achedwa. Basi yadziwa pomwe yaima.

— Ndiye amandionera kumwambako, eti?

— Ayi, alibe maso. Foni ndiyo imamva. Muli panja?

— Ndili m'shedi, tikusankha fodya.

— Malata amatchinga. Tulukani poyera... Halo? Ababa?

— Ndikumva, netiweki ikuvuta. Tichite mawa, mayunitsi angakuthere.

— Mwezi watha munati mawa. Zaka zitatu chisamukireni ku esitetiko, njira simunandiuzepo.

— Msewu wake ndi woipa.

— Tili pa Nsaru, ababa. A Stewart abwereka galimoto.

— Pa Nsaru? Panopa?

— Mwana ali pamiyendo pangapa. Halo?

— Ndilipo. Tisi... kadonthoko kamaonetsa nyumba?

— Ayi, malo okha. Bwanji?

— Nyumba ya njerwa ndinkakuuza ija ndi ya kapitawo. Chimwalirireni amayi ako ndimagona m'kanyumba ka udzu kuseri kwa chigafa. Mpando ndilibe. Apongozi akhala pati?

— Azakhali anandiuza kalekale. Ndinkadikira kuti munene nokha.

— Unkadziwa?

— Mkeka tanyamula. Ndipo mwanayu dzina sitinakuuzeni dala, timafuna mulimve mutamunyamula. Koma mwachedwetsa. Ndi Imelda.

— Dzina la amayi ako.

— Eya. Chibwano chakenso n'cha amayi.

— Ha... Ndatuluka. Ndaima pachulu. Ndidine pati?

— Pa chizindikiro chonga kachitsulo kopanira mapepala m'munsimo. Kenako lokeshoni.

— Pali chibwalo chachikulu chabuluu.

— Dikirani, foni ikumvetserabe. Chichepa chokha.

— Chikuchepadi! Chatsala ngati njere ya nandolo.

— Dinani pamenepo.

— Ndadina. Kaya zapita.

— Zafika! Makilomita khumi ndi anayi. A Stewart, lizani galimoto!

— Uwauze pa mlatho wamitengo apite pang'onopang'ono, mapuwo sadziwa kuti thabwa lina linathyoka. Ndithamange ndikasambe.

— Osachoka pafupi, ababa!

— Ndipita kuti? Mufunditse mwanayo, kuno kuli mphepo. Tisi, kodi amalira akaona anthu achilendo?

— Inu si mlendo. Mayunitsi akuth...

— Halo? Halo, Tisi?