Lumo la Achimwene Anga

Poyamba mundikhululukire pokuimitsani padzuwa kuti mumvere telala wamba. Bambo Mfumu atandiuza kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka, ndinawapempha kuti aganizenso bwino, pakuti ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Iwo anakana. Ndiye ndikaphonya penapake, mlandu tigawane.

Olemekezeka Ambuye Episkopi, olemekezeka Bambo Mfumu ndi ansembe nonse, olemekezeka Asisitere, akatekisi, makolo amene mwapereka ana anu, ndi inu anyamata amene mudzakhala m'nyumba yatsopanoyi n'kumatumikira odwala ndi okalamba musanalowe ku seminale, ndakulonjerani nonse. Ngati pali amene ndamudumpha, si mwano ayi.

Ine sindidziwa kulalika. Ndingokuuzani zimene ndinaona ndi maso anga.

Achimwene anga anali ometa anthu, ndipo dzanja lawo linali lotchuka mumsewu wathu wonse. Sitiroko itawagwetsa, dzanja lamanja linafa, lilime linalemera, ndipo anasiyiratu kulankhula. Ndevu zinakula ngati thengo. Ine ndikabwera ndi lumo, ankalikankha. Munthu amene anameta anzake moyo wake wonse sankafuna kugwiridwa chibwano ngati mwana.

Kenaka parishi inatitumizira mnyamata wa utumiki, uyo wakhala kumapeto kwa benchi, akubisa nkhopeyo. Anafika ndi Baibulo ndi kolona. Achimwene anatembenukira kukhoma. Anabweranso, khoma lomwelo. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, usavutike, pita kwa ena." Iye anangofunsa kuti, "Bambo, kodi iwowa ankagwira ntchito yanji?"

M'mawa mwake anabwera opanda buku. Anaika kagalasi pazenera, natunga madzi ozizira, n'kuyamba kudzimeta pamaso pa achimwene. Sopo wosachita thovu, lumo lokwera mosemphana ndi ndevu, magazi patsaya. Ine ndinali pamakina m'chipinda china pamene ndinamva mawu a achimwene, mawu amene ndinali nditawataya kale:

"Iwe! Madzi otentha! Ukupala nkhumba kodi?"

Mukuseka, koma ine ndinasoka chala changa tsiku limenelo.

Mnyamatayo anati, "Ndiphunzitseni, bambo." Achimwene anati, "Bwera kuno, Manjenje." Dzina linamukhala pomwepo, chifukwa dzanja lake linkanjenjemera. Anamuphunzitsa kufunditsa tawulo lotentha, kukoka khungu ndi chala, kutsata kumene ndevu zagonera. Ndipo pophunzirira panalibe pena koma pankhope pa aphunzitsi omwewo. Pemphero linadza lokha pambuyo pake, tsiku lina achimwene atati, "Kolona yako ija ili kuti? Ngati ukufuna kundidula khosi, ndife nditapemphera."

Ndinamufunsapo Manjenje ngati kudzicheka kuja anachita dala. Anandionetsa zipsera zakale pachibwano, nati, "Bambo, ine ndinalidi mbuli."

Inu anyamata, utumiki umene ndauona ndi umenewo. Iye sanabwere kudzaonetsa zimene amadziwa, koma analola munthu wogona pamphasa kukhalanso mphunzitsi. Makolo, mwalera bwino. Ambuye Episkopi, mukamadzamudzoza unsembe, mudzayang'ane chibwano chake, mudzaona ntchito ya kwathu.

Tsono, ndi ulemu umene ndapatsidwa, ndikulengeza kuti nyumba ya anyamata a utumikiyi yatsegulidwa kuyambira lero.

Ndisanakhale pansi, Bambo Mfumu, ndili ndi pempho, ndipo pepani polinenera pagulu. Manjenje akunyamuka kupita ku seminale Loweruka likudzali. Chimvereni zimenezi, achimwene ayambanso kuyang'ana kukhoma. Ine lumo langa akulikanabe. Chonde mutiuze lisanafike Lachinayi kuti mwa anyamata atsopanowa ndi uti adzalowe m'malo mwake, kuti Manjenje akamulowetse yekha m'chipindamo asanachoke. Ndipo ngati n'kotheka, mutisankhire amene sadziwa kumeta.

Zikomo kwambiri pondipirira.