Kagalasi Kamodzi, Mayankho Atatu

Adokotala aakulu a chipatala, abambo mfumu, masisitere, anzanga a mu labu, a banja la Chipungu, ndi inu mwabwera mutamva kuti kuli nkhuku, moni nonse.

Ndine Bornwell. Ndagwira ntchito mu labu pansi pa ba Marjory Chipungu, amene akupuma pa ntchito lero, zaka khumi ndi zinayi. Anandiyamikirapo kamodzi. Linali Lachiwiri.

Sabata yanga yoyamba ndinasuzumira mu maikulosikopu n'kukuwa kuti, "Khansa!" Ba Marjory anabwera, anayang'ana, nati, "Bornwell, uwu ndi ulusi wa juzi yako. Ikayamba kudwala tidzakuuza."

Khalidwe lawo mukulidziwa. Sakhulupirira maso a munthu mmodzi. Ba Reuben, amuna awo, akanena kuti kunja kukugwa mvula, amayamba afunsa a nyumba yoyandikana. Ba Reuben, ndikunama? Ayang'ana pansi.

Chaka china tinalandira ba Gershom, mlimi wa ku Shikabeta, ali ndi chotupa m'phapo. Adokotala anatengako timaselo ndi singano, ife tinapaka pa kagalasi n'kutumiza kwa akatswiri ku Lusaka. Woyamba anati ndi khansa. Ba Marjory anatumizanso kwa wachiwiri. Uyo anati ndi TB. Ndiye ba Marjory anasintha nambala n'kubweza kagalasi komweko kwa woyamba uja. Ulendo uno anati, "Sizikudziwika."

Apa n'kuti ba Gershom atayamba kale kugawira ana mbuzi ndi munda. Akazi awo ankaima pa windo la labu m'mawa uliwonse. "Amayi, maliro tiyambe kukonzekera?"

"Musakonze kanthu," ankatero ba Marjory. "Ifeyo sitinamvane."

Ba Marjory anakwera minibasi ya ku Lusaka, kagalasi kali m'chikwama. Anakhazika akatswiri awiri aja ndi wina wachitatu pa maikulosikopu imodzi nati, "Basi yomaliza ya kwathu ku Rufunsa imanyamuka folo koloko. Ndikufuna kukwera ndi yankho limodzi."

Akatswiriwo anakangana, anatsegula mabuku, kenaka anamvana kuti khansa palibe, ayezedwe TB. Inapezeka. Mankhwala miyezi sikisi. Ba Gershom ndi awo pakona apo, ali pa mbale yachiwiri. Mbuzi zija ana anakana kubweza.

Kuyambira pamenepo kagalasi kalikonse ka m'mapapo kamaonedwa ndi anthu awiri, wina osadziwa zimene mnzake walemba. Lamulo limenelo ndi lanu, amayi. Pali mabanja m'boma muno amene sanalire maliro a munthu wamoyo chifukwa munakana kufulumira. Zikomo kwambiri. Labu tidzaisamala.

Pitani mukapume. Mukalime mbatata zanu, mukadzuke dzuwa litakwera.

Tsopano tonse tiimirire. Ba Gershom, ikani kaye mbale pansi, manja onse awiri akufunika. Tiwaombere m'manja!