Ndinamusankhira Duwa la Chitedze

Aulutsi, nkhani yangayi muiwerenge mpaka kumapeto, kuseka muyambe mukamaliza.

Kusukulu kwathu ku mishoni, Asisitere anayamba kutiphunzitsa kujambula maluwa ndi utoto wamadzi. Analonjeza kabokosi katsopano ka utoto kwa amene adzapose onse, ndipo ine ndinkachita kukalota. Koma panali mnyamata wina wochokera ku Lusaka amene dzanja lake silinkanjenjemera. Tsiku lililonse Asisitere ankati, "Onani mnzanuyu, amayamba ndi utoto wopepuka, wakuda pambuyo." Akafika pa ine ankangofunsa, "Ili ndi duwa kapena dzungu?" Mtima unkandinyeka.

Tsiku la mpikisano anati aliyense abwere ndi duwa lakutchire. Mwana wa m'tauni tchire salidziwa, choncho ndinamuthyolera ndine maluwa a chitedze, nyemba zake zaubweya nditazibisa m'masamba.

"Tenga iwe, nakusankhira labwino maningi," ndinatero.

Posakhalitsa anayamba kudzikanda m'zala ndi m'khosi, burashi ataluma kukamwa. Asisitere nawonso chitedze sankachidziwa, anatola maluwawo kuti anunkhize. Aa! Sindinaonepo munthu wa Mulungu akuvina chotero.

Atadziwa kuti wothyola ndine, Asisitere anandipatsa khasu ngati chilango, ndinalima munda wa sukulu ndikuseka ndekha. Chondiwawa n'chimodzi basi: mnyamatayo anamalizabe chithunzi chake uku akudzikanda, kabokosi n'kutenga iyeyo. Chithunzicho achipachika pakhoma, ndimachiona m'mawa uliwonse, duwa lothyola ine!

Anzanga omvera, mukafuna kugwetsa katswiri musamusankhire chitedze. Kuyabwa chimayabwadi, koma chimajambulika bwino.