Ndinafa Loweruka masana pa baraka ya a Jowakimu

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo, ndi inu a kwaya, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundikhululukire ngati mawu akutuluka mozizira, ine ndatopa, abale. Ndatopa kufotokoza. Nkhani iyi ndaifotokoza pamsika, ndaifotokoza kudimba, ndaifotokoza mu shapa, minibasi yathu ija, kwa anthu amene sanandifunse n'komwe. Lero ndiifotokoza komaliza, muno m'nyumba ya Mulungu, kenaka ndipume.

Ambiri mukundidziwa, ndine mlimi wa mbatatesi wa konkuno ku Ntengo-Wambalame, bambo wake wa Marita. Enanu munaiwala dzina langa, munkangoti a Chingwe. Musabise nkhope, amayi, ndinkamva ndikamadutsa.

Chaka chatha, nditamaliza kukumba mbatatesi, ndinapita ku Chidzolomondo kukathandiza alamu anga kusankha fodya. Ndinakhalako masabata atatu. Ndili komweko kunabwera magalimoto awiri a anthu a kutauni, ndi makamera awo. Akuti akujambula sewero la pa televizau, la apolisi osaka mbava za ng'ombe. Mkulu wawo anali mayi. Anandipeza pakhonde, fodya ali m'manja, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anauza womasulira kuti, "Uyu, uyu ndiye." Ine ndinafunsa, "Ndiye chiyani?" Akuti nkhope yanga ndi yoyenera kukhala mkulu wa mbavazo, dzina lake Chingwe. Abale, zaka zonsezi ndayenda ndi nkhope imeneyi, mkazi wanga sanandiuzepo kuti ndi ya mbava.

Ndinavomera. Sindinganame pamaso pa guwa, palibe anandikakamiza. Munthu wa imvi ngati ine, mtima unakoma kuti anthu a kutauni asankha ine. Ntchito yake inali yotopetsa kuposa khasu. Masula ng'ombe, thawa. Mayi uja akakuwa kuti "Kota!" ndiye kuti imani. Bwerera pomwe unayambira. Masulanso, thawanso. Ng'ombe inatopa, inenso ndinatopa. Anandimanga unyolo, kundiponya m'galimoto lopakidwa dala ngati la polisiya. Pomaliza anatiuza kuti tisauze munthu mpaka sewerolo lituluke. Ndinasungadi chinsinsicho. Komanso manyazi, abale. Mkulu wa mpingo kumathamanga ndi ng'ombe ya eni m'tchire? Kunyumba ndinangonena kuti fodya anali wambiri.

Miyezi inapita, ndinaiwala. M'miyezi imeneyo mnyamata wina wa ku vila ya Tsangano, katauni kathu kaja, anafunsira Marita. Mnyamata waulemu, wolima. Ankhoswe anakumana, tinagwirizana kuti ukwati uchitike tikakolola. Mwana wanga ankaimba ngakhale potsuka mbale.

Ndiye sewero lija linayamba kuonekera. Mukudziwa pa baraka ya a Jowakimu, kagolosale kaja, pali televizau ya sola, ndipo Loweruka masana anthu amadzaza, chifukwa amabwereza kapitulu, chigawo cha sewero cha sabata imeneyo. Kapitulu wachitatu, ndinatulukira ine. Jekete langa la buluu lomweli, chipewa changa chomwe, ndikumasula ng'ombe m'khola. Kenaka unyolo, kenaka galimoto la polisiya. Ine mwini wake ndinali kudimba, ndikuthirira, osadziwa kuti ndagwidwa kale.

Mudzanena kuti anthu sadziwa novela, masewero a pa televizau? Amaidziwa. Koma novela ndi ya anthu akutali, a nyumba zosanja, opsompsonana pamaso pa ana. Apa panali mapiri ngati athu, ng'ombe ngati zathu, ndi bambo wa Marita. Zoyankhula zonse Chipwitikizi chothamanga, ndipo ambirife amene tinakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo timangotola mawu awiri atatu. Anthu anayamba kuwerengera. Suja anasowa masabata atatu? Suja nyengo yomweyo kunasowa ng'ombe kutsidya kwa mtsinje? Basi, mlandu unatha ine ndisanafike.

Nditamva, ndinathamanga kukafotokoza. Pa baraka ndinapeza a Mbewe, malume ake a mnyamata uja, amene analinso nkhoswe yake. Munthu wosasiyana ndi wailesi. Ndinati, "Bambo, lija ndi sewero. Ine ndinali atori chabe." Iwo anatembenukira anthu n'kunena kuti, "Mwamva? Avomera okha. Autori. Ndi mmene amanenera apolisi pa wailesi akagwira mwini wake wa mlandu." Abale, mawu awiriwa ali ngati mapasa. Atori ndi wochita sewero, autori ndi wopalamula. Lilime langali linaphunzira Chipwitikizi pamsika wa mbatatesi, silitha kuwasiyanitsa bwino. Ndinabwereza, atori, atori. Ndikabwereza, anthu ankangogwedeza mitu kuti koma munthuyu alibe ndi manyazi omwe.

Sabata isanathe uthenga unabwera: ukwati uyambe waima. Sangalowe m'banja la wakuba ng'ombe.

Apa ndiye pamene panandipweteka. Kunditcha Chingwe, ndikanapirira. Kubisa nkhuku ndikamadutsa, ndikanapirira. Koma Marita. Mwana wanga sanakuwe, sanatukwane. Anangosiya kuimba. Anasiya kubwera kukwaya, madzi ankatunga anzake onse atachoka pachitsime. Tsiku lina akundipatsa madzi osamba m'manja anati, "Bambo, ine ndikudziwa simunabe. Koma n'chifukwa chiyani simunatiuze?" Mpaka lero ndilibe yankho labwino. Manyazi anga aang'ono aja anasenza ndi mwana.

Ndinaimbira alamu ku Chidzolomondo, anayankhula ndi a Mbewe pa lamya. A Mbewe anati achibale amabisirana. Ndinaimbira anthu a makamera aja, lamya yosayankhidwa. Kupemphera ndinapemphera, koma ndisaname, pemphero langa linafupika. Linatsala loti, "Ambuye, ndatopa." Basi. M'mawa, "Ambuye, ndatopa." Kudimba, "Ambuye, ndatopa." Alipo muno amene anafikapo pamenepo? Inde, ndikuona manja.

Tsiku lina ndikupalira, ndinakumbukira chinthu, ndipo ndikhulupirira ndi Mulungu anandikumbutsa. Tsiku lomaliza la kujambula kuja anandigoneka m'munda wa chimanga, kundithira madzi ofiira pamalaya, akuti Chingwe wawomberedwa pothawa. Ndinafa kasanu ndi kawiri tsiku limenelo mayi uja asanakhutire. Ndinasiya khasu, ulendo kwa a Mbewe. Ndinati, "Bambo, sindikupemphani kuti mundikhulupirire. Muzingobwera Loweruka lililonse pa baraka, ine ndizikhala pomwepo. Tsiku lina mudzandiona ndikufa." Anandiyang'ana ngati wamisala, koma anati adzabwera.

Abale, kudikira imfa yako n'kotopetsa. Loweruka loyamba sindinafe. Lachiwiri sindinafe. M'malo mwake Chingwe anathawa m'ndende. Loweruka lina anatentha nkhokwe ya mayi wamasiye, anthu onse kutembenuka kundiyang'ana. Sabata iliyonse ndinkatuluka pamenepo ndi tchimo latsopano. Pabenchi ndinkakhala ndekha, uku malo, uku malo. Loweruka lina kunachita mitambo tsiku lonse, batire linatha sewero lili pakati, ndinabwerera kunyumba wamoyo. Mantha anandigwira: nanga ngati anthu aja anadula chigawo chimenecho? Mkazi wanga ankandifunsa ndikafika, "Mwafa?" Ine, "Ayi, sindinafe." Iye n'kuusa moyo. Tinafika poti banja lonse likupempherera imfa ya bambo.

Masabata asanu ndi anayi ndinakhala pabenchi lija.

Loweruka la chikhumi ndinaona munda wa chimanga uja. Ndinaona jekete langa likuthamanga, apolisi m'mbuyo. Mfuti inalira, ndinagwa chafufumimba, malaya psuu. Wapolisi anandigwira pakhosi n'kupukusa mutu. Kenaka anaonetsa bokosi likulowa m'manda. Mayi wina kumbuyo anayamba kulira maliro, "Mayo ine, bambo a Marita!" Ali pakati anandiona nditakhala, chipewa chili pabondo, kulira kuja kunathera kukhosi.

A Mbewe anadzuka pang'onopang'ono. Anabwera, kutsegula jekete langa, kundisisita pachifuwa. Anati, "Palibe bala." Ndinati, "Palibe, bambo." Anati, "Nanga aika uja ndani?" Ndinati, "M'bokosimo munali mchenga. Ndinathandiza nawo kuthira." Anaima, kuyang'ana televizau, kuyang'ana ine. Kenaka anavula chipewa pamaso pa anthu onse n'kunena kuti, "Pepani ndi maliro, asewere." Anthu anaphulika kuseka. Ine sindinathe kuseka. Anandiitana asewere, kholo la mpongozi wawo, abale, pagulu, pomwe ananditchulira kuti wopalamula. Ndinangokhala pabenchipo misozi ikutsika.

Sindikunena kuti zonse zatha. Alipo ena tsopano akuti munthu wofa n'kuukanso ali ndi mankhwala. Amenewo ndawasiya m'manja mwa Mulungu, mphamvu zowathamangira ndilibe. Inenso ndapepesa kwa mkazi wanga ndi kwa ana, chifukwa chinsinsi chopanda pake chinatsala pang'ono kupasula tsogolo la mwana. Abambo anzanga, zimene mwachita kutali muzikanena kunyumba, ngakhale zikhale zochititsa manyazi.

Lachiwiri lapitali ankhoswe anabweranso. Ukwati ulipo, mwezi wamawa, muno momwe. Abusa alengeza bwino okha, ine ndangotsogola chifukwa mtima wakanika kudikira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu awiri. Ndikuthokoza abusa, amene simunandichotse pa mpando wa akulu pamene ena ankafuna. Ndikuthokozanso inu amene munkandipatsabe moni, munali ochepa koma ndinakuonani.

Tsopano tayang'anani kukwayako, mzere wachiwiri, kumapeto. Marita, imirira mwana wanga. Usachite manyazi, wachita manyazi mokwanira chifukwa cha ine. Imirira anthu akuone. Mpingo wa Mulungu, ine mawu andithera, ndithandizeni kukondwera. Amayi, nthungululu zimveke mpaka ku vila. Marita, yambitsa nyimbo, bambo ako akhale pansi amvere. Aleluya. Ameni.